Madala a pansi pa nimu ndi Land Cruiser yanga yokalamba

Ndadikira dala kuti padutse nyengo ziwiri za mvula ndisanalembe za galaja ina ya pa Nchalo imene inakonza galimoto yanga. Galimoto iliyonse tsiku lotuluka kwa makaniko imakhala mkwatibwi: yatsukidwa, injini ikulira bwino, mwini wake mano ali pamtunda. Koma kuno ku chigwa cha Shire galimoto siyesedwa pa tala wa M1. Imayesedwa m'makande a kwa Ngabu mvula itagwa masiku atatu, mumchenga wa mtsinje wa Mwanza mwezi wa Okutobala, ndi pa chitunda chochoka pa Thabwa kukwera ku Blantyre dzuwa lili paliwombo, kumbuyo kuli matumba. Monsemo yanga yadutsamo tsopano, ndiye ndikhoza kutsegula pakamwa.

Galimoto yake ndi Land Cruiser ya pikiapu, zija za 75, yopangidwa mu 1996. Injini ndi 1HZ, ya dizilo, masilinda 6, malita 4.2, yopanda turbo, yopanda kompyuta. Ndinaigula mu 2019 pa okushoni ku Blantyre bungwe lina litatopa nayo. Mita yowerenga mtunda inaima kalekale pa 412,000, moti ulendo weniweni umene yayenda akuudziwa ndi Mulungu yekha. Ine ndimagula mbewu: chitowe ndi nandolo m'midzi ya kumadzulo kwa Ngabu, mpunga ku Nkhate ndi ku Muona, nthawi zina mbuzi tsiku la msika. Usiku imasanduka ambulansi ya mudzi wonse, ndipo maliro akagwa foni yoyamba kulira ndi yanga. Ikagona, kunyumba poto sakhala pamoto.

Amene anaiwononga ndine ndemwe, ndisanamizire munthu. Namondwe wa Freddy atatisiya mu Malichi 2023, ndinadikira kuti madzi aphwereko, ndipo mu Epulo ndinauyamba wa ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, kukasiyira apongozi anga ufa. Amene sadziwa dera lino amadabwa. Ukaima pa Bangula, Makhanga ali tsidya lomweli, koma chidulireni madzi njanji ndi msewu mu 1997, pa Mtayamoyo anthu amaoloka pa bwato, ndipo wa galimoto ayenera kubwerera mpaka pa mlatho wa Kamuzu, kukhotera pa Thabwa, n'kutsikanso mbali inayo. Msewu wa uko umadulidwa ndi timitsinje tambirimbiri totsika m'mapiri a ku Thyolo. Tsiku limenelo ndinalowa m'madzi kasanu ndi kamodzi, pena akunyambita zitseko. Anyamata a m'mbali mwa msewu ankaomba m'manja, ine n'kumadzimva ukatswiri. Nditabwerako ndinangoitsuka kunja basi.

Pofika Julayi kumbuyo kunayamba kulira ngati njuchi mu mng'oma, kulira kokwera pamodzi ndi liwiro. Kutsogolo, pa mipira yachitsulo ili kuseri kwa matayala ija, panali kuchucha phala lakuda. Ukagunda kadzenje chiwongolero chinkanjenjemera ngati wodwala malungo. Kenako Okutobala anabwera ndi kutentha kwake kopitirira madigiri 40, muvi wa kutentha kwa injini n'kuyamba kukwera. Pa chitunda cha Thabwa ndinaima katatu tsiku limodzi, kuthira madzi a pa mjigo amene ndinkayenda nawo m'zigubu. Makaniko wina wa m'mbali mwa msewu anachotsa thermostat, kavavu kowongolera kutentha kwa injini, n'kuiponya kutchire, amvekere kuno kotentha chimenechi chilibe ntchito. Ndinamulipira, ndinamuthokozanso. Safunsa anadya phula.

Dzina la galaja sinditchula, chifukwa kutsogoloku ndinena zina zosakoma ndipo mwini wake ndimawalemekeza. Ngakhale chikwangwani palibenso. Ili pa Nchalo, ndipo aliyense woyendetsa galimoto yakale ya four wheel pakati pa Dyeratu ndi Bangula akulozerani. Pali mitengo iwiri ya nimu, kontena imodzi yosungiramo zida, dzenje lomangidwa ndi njerwa, ndi cheni buloko yolendewera pa zidutswa zitatu za njanji zokumana pamwamba. Pambali pagona ma Land Rover awiri akufa, nkhuku zimaikira m'menemo. Mwini wake ndi bambo wa imvi, wamfupi, wosayankhulayankhula, amene ntchito anaiphunzira m'shedi ya mathirakitala nthawi ya kampani ya shuga ya SUCOMA, a Illovo asanabwere mu 1997. Ali ndi anyamata atatu. Chichewa chawo chimalowerana ndi Chisena, ndipo liwu limene mudzalimve kawirikawiri ndi lokanira lija, "nkhabe".

Ine ndinafika kumayambiriro kwa Novembala ndi mndandanda pa foni. Ndinali nditakhuta zithunzi za pa Facebook, ma Land Cruiser a ku South Africa ndi ku Australia: matayala onenepa, galimoto yokwezedwa m'mwamba, turbo (choonjezera mphamvu ya injini), winch (makina okokera galimoto ikatitimira), snorkel (paipi yopumira injini yokwera m'mwamba), nyali zinayi padenga. Ndinkati poti ikulowa kale m'galaja, ituluke ili chilombo. Madala anawerenga mpaka pansi, n'kundibwezera foni osanena kanthu. Anatenga sipanala ndi chigubu chodula pakati, anakwawira pansi, n'kumasula bawuti ya pansi pa difu yakumbuyo, bokosi la magiya lozunguza matayala lija. Choyamba kutuluka anali madzi enieni. Kenako zinthu zotuwa ngati thobwa.

"Achimwene, tabwerani muone. Uyu ndi oyilo?"

"Madala, ameneyo anali oyilo."

"Mwayenda naye miyezi ingati?"

Ndinawerenga pa zala. Isanu ndi iwiri.

"Ndiye inu mukufuna nyali za padenga. Nkhabe. Tiyambe tachiza wodwala, zomuveka suti tiona pambuyo."

Anandikhazika pa tayala n'kundifotokozera zimene palibe makaniko anandiuzapo zaka zinayi zonsezo. Difu ikamagwira ntchito imatentha, mpweya wa mkati umafufuma, n'chifukwa chake pamwamba pake pali kabowo kopumira. Ukailowetsa ili yotentha m'madzi ozizira, mpweya uja umafota mwadzidzidzi, difu n'kukoka chilichonse chili pafupi, kaya kudzera pa kabowo kaja, kaya pa masili. Madzi akalowa satulukanso. Amasakanikirana ndi oyilo, mabering'i n'kumadyeka pang'onopang'ono, ndiko kulira kwa njuchi kuja. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi. Anachotsa tizivindikiro ta pa mabowo aja, n'kulumikizapo timapaipi ta labala pa difu zonse ziwiri, pa giyabokisi ndi pa transfer. Anatiyendetsa m'mbali mwa chasisi mpaka m'mwamba mu boneti, kumapeto n'kuikako tisefa ting'onoting'ono ta petulo kuti fumbi lisalowe. Pa difu paipi anaisiya yolendewera pang'ono kuti tayala likatsikira m'dzenje isaduke. Zonsezo sizinafike mtengo wa mbuzi imodzi. Ngati muli ndi galimoto yoloka mitsinje ndipo mutopa kuwerenga musanafike kumapeto, chitani chokhachi.

Difu yakumbuyo mano ake anapulumuka, mabering'i ndiwo anali atatha. Apa ndi pamene ndinaona kuti madalawa ndi ena. Ataika atsopano anapaka utoto pa mano a giya yaikulu, n'kuzunguza ndi dzanja, n'kuyang'ana pamene mano akugundana. Sanakhutire. Anamasula, anasintha kawashala kopyapyala ngati pepala, anamanganso. Katatu konse, tsiku lathunthu, ine mtima uli m'mwamba poti masiku akutha. Kutsogolo anaphwasula mbali zonse ziwiri: masili a mkati anali atatha, oyilo wa difu n'kumalowa mu girisi, ndilo phala lakuda lija. Anasintha masili, mabering'i a kingpin, ndi birfield imodzi, jointi yozunguza tayala lakutsogolo, imene inkalira khwakhwakhwa pokhota. Pomanga anatulutsa sikelo ya mbedza, yonga yomwe timayezera chitowe, anaikola pa mkono wa chiwongolero n'kukoka, kuyeza ngati mabering'i amangika mokwanira. Ndinaseka. Kunjenjemera kuja sikunabwerenso mpaka lero.

Nkhani ya kutentha ndiyo inandipweteka, chifukwa nayonso wolakwa ndinali ine. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi ake ndi a mchere, aliyense amene anamwako akudziwa. Ine zaka zinayi ndinkathira omwewo mu redieta. Atatsegula pamwamba pake, timapaipi tambiri tinali titatsekeka ndi zinthu zoyera ngati zimene zimakakamira mu ketulo. Kunja kwake matope ouma, njere za udzu ndi phulusa la nzimbe zinali zitamata ngati khoma la nyumba. Anayesa kuitsuka, koma pakati pake panali patawola, ndiye tinaitumiza ku Blantyre kukaika pakati patsopano. Fani nayo inali yabodza: inkazungulira ndithu, koma mafuta a silikoni a mkati mwake anali atatha, moti injini ikatentha siinkagwira mwamphamvu. Anaitsegula n'kuthiramo ena. Tsopano ikagwira pa chitunda imamveka ngati ndege.

Za thermostat yotayidwa kutchire ija anangopukusa mutu. Anati pa injini iyi ikatseguka imatsekanso njira yachidule ya madzi, kuti onse adutse mu redieta. Ukaichotsa, ena amangozungulira mu injini momwemo osakazizira. Tinagula yatsopano, ndi chivindikiro chatsopano cha redieta. Hedi ya injini anaichotsa n'kuitumiza kukapimidwa ngati inang'aluka. Mwamwayi inali yongopindika pang'ono, anaipala, n'kuika gasiketi yatsopano. Poti zonse zinali poyera anasinthiratu pampu ya madzi ndi timing belt. Lamba ameneyu pa 1HZ ya zaka zimenezo amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo akaduka injini ikuyenda mapisitoni amamenya mavavu. Ine ndi mita yakufa ija sindinkadziwa kuti anasinthidwa liti. Anandilembera tsiku ndi penti mkati mwa boneti. Lamulo lomaliza: mu redieta muzilowa coolant yekha, zikavuta madzi a mvula, a pa mjigo ayi.

Turbo anaikana asanamalize n'kumva komwe. Ndinawauza kuti anzanga ena anaika ndipo galimoto zawo zikuuluka.

"Ziuluke. Muwafunse chaka chamawa. Injini iyi sanaipangire zimenezo, achimwene. Mukaipanikiza ndi mpweya n'kuonjezera dizilo, kutentha kwa kuno kuli apo, katundu wanu ali apo, mapisitoni ang'aluka. Mukufuna kufika msanga kapena mukufuna kufika?"

Sindinayankhe. Koma ndivomereze, pa chitunda cha Thabwa minibasi zikamandidutsa ine ndili mu giya yachiwiri, mtima umawawabe pang'ono.

Pa masipuling'i tinagwirizana msanga. Akumbuyo anali atagona chifukwa cha nkhanza zanga. Galimoto ya matumba 20 a makilogalamu 50 ine ndimaisenzetsa 30, ndisabise. Tsamba limodzi linali lothyoka. Anasintha lothyokalo, anaonjezera tsamba limodzi mbali iliyonse, mabushi atsopano, ma U-bolt atsopano, mashoko atsopano. Galimoto inakwera pafupifupi mamilimita 50, osapitirira. Zoikweza ndi mashakolo aatali anakana, anati imayamba kuyendayenda mumsewu ngati woledzera ndipo mapaipi a mabuleki amakokeka. Chinthu china chimene ambiri amaiwala iwo anachikumbukira: kumbuyo kuli kavavu kamene kamayeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki. Ukakweza galimoto osakasintha, kamaona ngati nthawi zonse ulibe katundu, mabuleki akumbuyo n'kumagwira mofooka. Anakakonza pomwepo. Vuto lake ndi lakuti ikakhala yopanda katundu tsopano imadumpha ngati ngolo ya ng'ombe. Mayi a kunyumba amakana kukwera ngati kumbuyo kulibe kanthu.

Pa matayala ndi pamene tinakangana zenizeni. Ine ndinkafuna onenepa aja. Iwo anati ndikhale pa 7.50R16, oonda, aatali, a chubu, ongosankha a mano akuya. Mfundo zawo zinali zitatu ndipo ziwiri ndazitsimikiza. Yoyamba: makande akanyowa pamwamba amaterera ngati sopo, tayala lonenepa limangoyandama n'kumazungulira, pamene loonda limacheka n'kukagwira pansi polimba. Yachiwiri: likaphulika uli kwa Tengani kapena ku Gola, la saizi iyi ulipeza, wamatayala aliyense wa pansi pa mtengo amalidziwa, pamene lonenepa lija udzalidikira kuchokera ku Limbe. Yachitatu, yoti onenepa amadya mabering'i ndi dizilo, ndikungowakhulupirira. Koma pamchenga ndimaonabe kuti onenepa akanandithandiza. Iwo anati mumchenga chofunika n'kuphwetsa mpweya, ndiye ndinagula pampu yolumikiza ku batire. Zimatheka ndithu, ndaoloka Mwanza wouma kangapo osatitimira, koma kutsika, kuphwetsa matayala anayi, kuoloka, kupopanso, dzuwa la Okutobala likukuwotcha pamsana, si masewera. Chenjezo limodzi anandibwerezera kawiri: malimu a mphete awa popopa usaime kutsogolo kwa mpheteyo, ikafwamphuka imapha munthu.

Pa mndandanda wanga wonse, chimene anavomera mosavuta ndi snorkel. Koma chifukwa chawo sichinali madzi, chinali fumbi. Kuyambira Ogasiti misewu yathu fumbi limafika m'mawondo, ndipo mpweya wa m'mwamba pafupi ndi denga ndi woyerako kusiyana ndi wa pafupi ndi tayala. Tinaipeza yakale ku Ndirande. Anaboola bodi moyeza bwino, anapaka penti m'mphepete kuti dzimbiri lisayambe, anamata polumikizira ponse. Poyesa, injini ikulira pang'onopang'ono, anatseka kukamwa kwake ndi kathabwa. Injini inatsamwa n'kuzima. Anati ikanapitiriza kulira ndiye kuti ikupumira pena, ndipo popumira pomwepo ndi polowera madzi. Injini ya dizilo ikameza madzi, anatero, pisitoni siingawapanikize, chimene chimapindika ndi chitsulo. Kenako anandiloza ndi sipanala:

"Iyi si bwato, mwamva? Alternator ili pansi, sitata ili pansi. Madzi othamanga akafika m'mawondo, galimoto yonse amainyamula. Muzitsika muyambe mwayenda wapansi."

Winch anati ndalama zake ndisunge. M'dambo mulibe mtengo womangapo, ndipo batire ikatha nayonso yatha. M'malo mwake anandiuza kugula jeke yaitali ija, cheni buloko yaing'ono, khasu, fosholo, ndi matabwa awiri olimba. Anamanga ngowe ziwiri kutsogolo ndi imodzi kumbuyo pa chasisi penipeni ndi mabawuti olimba, n'kundiletsa kukokera pa kampira ka ngolo, chifukwa kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo. Anandionetsanso kukwirira tayala la sipeya m'dzenje kuti likhale pomangira ngati palibe mtengo. Chasisi anaitsuka mkati, munatuluka matope okwana wilibala, ndipo pamene panali mng'alu pafupi ndi sipuling'i yakumbuyo anawotcherera n'kuphimba ndi chitsulo chosongoka mbali zonse.

Tsopano zosakoma zija.

Anandilonjeza masabata atatu. Inatuluka patatha asanu ndi anayi, Khirisimasi itadutsa. Zina sizinali zawo: magetsi akazima kuwotcherera kumaima, redieta inachedwa ku Blantyre. Koma zambiri zinali zawo. Madalawa sadziwa kukana munthu wobwera akulira. Lole ya thonje yafa pa Miseu Folo, apita. Thirakitala ya wina yakana kulira, apita. Yako ili pa miyala, matayala atachotsedwa, nkhuku zayamba kuiyendera. Foni sayankha ngati manja ali mu girisi, ndipo manja amakhala mu girisi tsiku lonse. Ndinataya nyengo ya malonda a mbewu zobzala, ndinachita kubwereka galimoto ya mlamu wanga yomwe ndinailipira modula.

Za ndalama nazo ndi chisokonezo. Palibe pepala la mtengo. Zonse zili m'kope la ana a sukulu limene limapezeka lero, mawa lasowa. Tinapangana K400,000 ya ntchito ya manja, ndipo pamenepo sanasinthe, ndiwayamikire. Koma sabata yomwe galimoto inalowa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zipangizo ku Limbe n'kusintha usiku umodzi. Ndinali nditagulitsa ng'ombe ziwiri, ndinagulitsa yachitatu. Kugwa kwa kwacha si mlandu wawo, koma ndalama imene ndinasiya yogulira mabering'i inakhala masiku khumi isanapite kusitolo, ndipo masiku khumi amenewo anandidyera zambiri. Chabwino chake n'chakuti salimbana nawe ukafuna kukagula wekha zipangizo. Amakuuza nambala, ukabwera nazo amaziyang'ana, zabodza amakubwezera. Sefa ya dizilo imene ndinagula motchipa, bokosi lake lolembedwa Toyota bwinobwino, anaidula ndi sowo n'kundionetsa kuti mkati muli kapepala kochepa ngati ka ndudu. Zakale zonse zimene anachotsa anandipatsa m'thumba la feteleza kuti ndiwerenge ndekha.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi anyamata. Ndinasiya thanki ili pafupi kudzaza, nthawi imene dizilo ankasowa ndipo tinkagona pamzere. Ndinaipeza muvi uli pansi. Sabata yomaliza mnzanga anandiimbira kuti waona galimoto yanga pa Dyeratu itanyamula njerwa. Nditafunsa, yankho linali lakuti ankayesa masipuling'i. Mwina n'zoona, masipuling'i amayesedwa ndi katundu, koma njerwazo zinali za ndani ndipo analipira ndani? Wilo sipanala yanga nayo sinapezeke. Madala anachita manyazi, anakalipira anyamata m'Chisena chimene sindingalembe pano, n'kundipatsa sipanala yawo. Dizilo sanabwerere.

Ndipo za mawaya musawapatse. Nyali ziwiri zimene pomaliza anavomera kuika pa bampala, mnyamata wina anazilumikiza mopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, popanda relay, popanda fyuzi yakeyake. Usiku wina cha ku Sorjin, ndili ndi mayi wodwala kumbuyo, nyali zonse zinazima kamodzi. Tinafika kuchipatala mlamu wanga akuunikira ndi tochi ya foni pawindo. Ndinakakonzetsa kwa wamagetsi a galimoto ku Limbe, amene atatsegula anangoti, "Anapanga izi ndi wa mathirakitala eti?" Handibuleki nayo ndi yofookabe monga kale. Anaitsuka, anaikoka, inagwira mwezi umodzi. Mwala wanga wotsekera tayala ndikuyenda nawobe.

Mvula ya 2024 inali ya njomba, El Niño uja, chimanga chinapserera m'minda ndipo mu Malichi boma linalengeza za ngozi m'maboma 23. Choncho chaka choyamba galimoto inayesedwa ndi dzuwa ndi fumbi basi. Mu Okutobala ndinakwera Thabwa ndi matumba 28 a nandolo, masana, dala. Muvi unakwera pang'ono kupitirira pomwe umakhala, fani inabangula, muvi n'kubwerera. Sindinaime. Pamwamba ndinatsika n'kuyang'ana pansi, panalibe dontho. Miyezi iwiri itangotuluka sili ya pinion yakumbuyo inayamba kudontha. Ndinabwerera, anaisintha tsiku lomwelo osandilipiritsa, anati kulakwa n'kwawo poti malo ogwira sili anali ndi kamzera ndipo sanakaone. Pokapimitsa COF, chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ku Blantyre inadutsa ulendo umodzi.

Matope enieni anabwera mu 2025. Walira mvula walira matope. Mu Febuluwale, kumadzulo kwa Ngabu, ndinalowa m'makande amene ngolo za ng'ombe zinali zitawapondaponda, ma hub nditatseka kuti matayala onse anayi azikoka, giya ili mu L4, yamphamvu ija. Inayenda ngati thirakitala mtunda wautali, matayala oonda aja akucheka, mpaka pamene difu inakhala pansi n'kukhazikika. Apo panalibe tayala lililonse likanandipulumutsa. Jeke, khasu, matabwa, anyamata anayi a m'mudzi ndi maola awiri, tinatuluka. Winch ikanangondiyang'ana, mtengo wapafupi unali kutali ngati bwalo la mpira. Mwezi wotsatira ndinaoloka timitsinje ta ku East Bank tija kanayi, ulendo uno nditayamba ndatsika kuyeza ndi miyendo. Nditafika kunyumba ndinakwawira pansi ndekha ndi chigubu chodula. Oyilo anatuluka wopanda madzi, ngati uchi, difu zonse ziwiri.

Ngati muli ndi Hilux yatsopano, Ranger, kapena chilichonse chofuna kulumikizidwa ku kompyuta, musataye nthawi, akubwezani okha pageti, ngakhale geti palibe. Za magetsi, za penti, za mipando, pitani kwina. Koma Land Cruiser yakale, Hilux zija za 2.8 za masipuling'i a masamba kutsogolo, Patrol, Land Rover, chilichonse cha dizilo chimene chimadya matope, sindikudziwa dzanja lina loposa ili kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Zipangizo mugule nokha. Zimene mwapangana mulembe pa pepala lanu, iwo asainire. Masiku amene akuuzani muwachulukitse katatu, ndipo muzipitako nokha kawiri pa sabata, chifukwa galimoto imene mwini wake wakhala pa tayala pansi pa nimu ndi imene imagwiridwa.

Giya yachitatu yayamba kukukuta ndikamasintha mofulumira. Ndinadutsako sabata yatha, anaiyendetsa mpaka pa Bereu n'kubwerera, anati ndi synchro, kamphete kothandiza giya kulowa bwino, ndibwere chitowe chikatha. Ndinawauza kuti ulendo uno ndibwera nayo thanki ili gwa, ya malita asanu basi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Pyadidi, achimwene. Koma mubwere ndi mpunga wa ku Muona wa anyamatawa."